Musanagwire chingwe: kakwezedwe ndi kasamalidwe ka mbendera ya Malawi

Lolemba lina m'mawa, pasukulu ina yapulayimale yomwe ndinkaphunzitsapo, tinaimba nyimbo ya fuko mpaka kumapeto tili njo, maso ali kumwamba, mbendera ili chadodolido. Kubiriwira kunali pamwamba, dzuwa lili pansi litazondoka ngati mleme. Aphunzitsi tonse tinalipo, ana anali bwalo lonse tho, koma amene anaona ndi agogo ena olondera pasukulupo. Anabwera chakumbuyo kwanga n'kundinong'oneza kuti, "Aphunzitsi, kodi lero dzuwa likulowa m'mamawa?" Woyang'anira sabata imeneyo ndinali ine. Manyazi a tsiku limenelo ndi amene anandiphunzitsa zimene ndikulemba pano, ndipo ndikulembera ahedi, amesenjala a m'maofesi, a komiti za zikondwerero, atelala, ndi abale athu a ku Johannesburg kapena ku London amene amakumana pa 6 Julayi kudzakumbukira kwawo.

Choyamba, idziweni mbenderayo

Munthu woidziwa saizondotsa. Mbendera yathu ili ndi zigawo zitatu zopingasa, zofanana kukula kwake: chakuda pamwamba, chofiira pakati, chobiriwira pansi. Pakati pa chigawo chakudacho pali dzuwa lofiira lomwe likungotuluka kumene, lili ndi mizere ya cheza 31.

Kuda kukuimira anthu a mu Africa, eni nthaka. Kufiira ndi magazi a amene anafa pomenyera ufulu, ndipo apa musamangouza ana kuti "magazi" n'kusiyira pomwepo. Auzeni za John Chilembwe ndi anzake a ku Mbombwe omwe anaukira atsamunda mu Januwale 1915. Auzeni za pa 3 Malichi 1959, pamene boma la atsamunda linalengeza kuti dziko lili pangozi, n'kumanga atsogoleri a Nyasaland African Congress, ndipo asilikali anawombera anthu padoko la Nkhata Bay. Ndi chifukwa chake pa 3 Malichi timakumbukira anthu ofera dziko. Mwana akamva zimenezi, chigawo chapakaticho amachiona ndi maso ena. Kubiriwira ndi nthaka yathu ndi zomera zake. Dzuwa lotuluka ndi m'bandakucha wa ufulu, chiyembekezo cha Africa yense, ndipo mizere 31 ija amaifotokoza kuti Malawi linali dziko la nambala 31 mu Africa kudzilamulira. Mawu akuti "Kwacha!" omwe ankafuulidwa pamisonkhano ya nthawi imeneyo, ndalama ya kwacha ndi tambala yomwe inabwera mu 1971, ndi dzuwa lapambenderali, zonsezi ndi nkhani imodzi: kunja kwayera.

Mbenderayi inakwezedwa koyamba usiku wolowera pa 6 Julayi 1964 ku Blantyre, pabwalo lomwe lero timalitcha Kamuzu Stadium, mbendera ya Britain itatsitsidwa. Prince Philip ndi amene anabwera kudzaimira Mfumukazi Elizabeth, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda anali nduna yaikulu. Mitundu itatuyo inatengedwa ku mbendera ya chipani cha Malawi Congress Party, chomwe chinatsogolera dziko ku ufulu, n'kuwonjezerapo dzuwa. Komatu dzuwalo silinali lachilendo kwenikweni. Pa chizindikiro cha Nyasaland panali kambuku ataima pathanthwe, kumwamba kwake kuli dzuwa lotuluka. Kambukuyo sanatayidwe, alipobe pa chidindo cha boma, waima moyang'anizana ndi mkango.

Chachiwiri, onetsetsani kuti mwagula yeniyeni

Apa ndi pamene ambiri amapunthwira, ndipo chifukwa chake n'chakuti dziko lino linakhalapo ndi mbendera ina kwa zaka pafupifupi ziwiri. Pa 29 Julayi 2010, boma la Bingu wa Mutharika linasintha mbendera. Chofiira chinakwera pamwamba, chakuda chinatsikira pakati, chobiriwira chinakhala pomwe chinali, ndipo m'malo mwa dzuwa lofiira lotuluka anaikapo dzuwa loyera lathunthu, pakatikati, la mizere 45. Mfundo yawo inali yakuti dziko latukuka, dzuwa silingakhale likungotulukabe zaka zonsezi. Anthu ambiri sanailandire. Ena ankafunsa kuti chitukuko chake chiti, ena ankadandaula ndalama zosokera mbendera zatsopano dziko lonse, ndipo m'misewu inkangotchedwa "mbendera ya Bingu". Bingu atamwalira mu Epulo 2012 n'kulowa Joyce Banda, Nyumba ya Malamulo inavomereza pa 28 Meyi 2012 kuti mbendera ya 1964 ibwerere.

Mbendera ya 2010 inatha ntchito koma sinathe m'masitolo, m'makabati ndi pa intaneti. Mpaka pano mnyamata wokonza zikwangwani akhoza kutsitsa chithunzi cholakwika n'kukusindikizirani pa mapulogalamu 300 a mwambo wanu. Abale a kunja ndiye muchenjere kwambiri, chifukwa ogulitsa a kumeneko sadziwa kusiyana kwake. Mukaona dzuwa loyera, bwezani.

Muyeso wake ndi 2 kwa 3, kutanthauza kuti ngati m'lifupi ndi masentimita 120, m'litali mukhale 180, ndipo chigawo chilichonse chikhale masentimita 40. Yaing'onopo ndi 90 kwa 135. Mukapita kwa telala, pitani ndi chithunzi choona ndipo muwerenge naye mizere ya dzuwa chala chili pansalu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinaonapo mbendera ya mizere 19, ina ya dzuwa lachikasu, ina dzuwa lake linasefukira m'chigawo chofiira ngati dzira losweka. Muuzeni telalayo kuti dzuwa lioneke mbali zonse ziwiri, apinde m'mphepete kawiri, makamaka mbali yakutali ndi mlongoti yomwe imamenyedwa ndi mphepo, ndipo mbali ya kumlongoti asokereko nsalu yolimba yodutsamo chingwe. Mukafika nayo kunyumba, tengani cholembera chosafufutika mulembe kachizindikiro kakang'ono pansalu yolimbayo, kukona ya chigawo chakuda. Kachizindikiro kameneko ndi kamene kakanandipulumutsa Lolemba lija.

Za nsalu, ya thonje imaoneka bwino ili yatsopano koma imalemera ikanyowa ndipo imasuluka msanga. Yanayiloni kapena yapoliyesitala imapirira dzuwa ndi mvula. Kumadera a kunyanja ndi ku Chigwa cha Shire, komwe dzuwa limaswa mtengo, gulani ziwiri kuti zizipumitsana.

Chachitatu, mlongoti ndi chingwe

Mlongoti ukhale wowongoka, pamalo oonekera, kutali ndi nthambi za mitengo ndi mawaya a magetsi. Wachitsulo ndi wabwino. Ngati ndi wa bulugamu, usendeni, muupake mankhwala a chiswe kumunsi, muukwirire mozama, chifukwa wongozika pamwamba mwera umaugwetsa. Upakeni utoto woyera. Kunsonga kukhale kagudumu kodutsamo chingwe, ndipo chakumunsi, pofika m'chiuno mwa munthu wamkulu, pakhale kachitsulo komangirirapo. Pansi pake muzisesa. Kasukulu kena kamangozunguliza miyala yopaka laimu, ndipo zimaoneka bwino kuposa zipilala zodula zosweka.

Chingwe muzichiyang'ana mwezi ndi mwezi. Chikadukira pamwamba, ndiye kuti pafunika kugwetsa mlongoti kapena kukwezapo munthu, ndipo chonde munthuyo asakhale mwana wa sukulu. Mchitidwe wotuma kamnyamata kopepuka kuti kakwere mlongoti ndi woika moyo pachiswe.

Chachinayi, kukweza

Mbendera imakwera dzuwa likamatuluka n'kutsika dzuwa likamalowa. Kwathu kuno ambiri amatsata 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo. Masukulu amakweza pa asembule, ndipo palibe cholakwika.

Ntchitoyi ndi ya anthu awiri. Wina anyamule mbendera yopindidwa m'manja onse awiri, wina agwire chingwe. Pezani kachizindikiro kaja, mumangirire kona ya chigawo chakuda ku mbali ya chingwe yomwe ikukwera, kenako kona ya chobiriwira kumunsi kwake. Mangani mfundo yolimba koma yoti madzulo imasuke popanda mano. Musanakoke, tambasulani pang'ono muone ndi maso: kodi dzuwa lili pamwamba? Wonyamula uja asaisiye mpaka itachoka m'manja mwake ikukwera, kuti isakhudze pansi ngakhale pang'ono.

Kokani mwachangu koma mosadukizadukiza, mpaka ifike kunsonga kwenikweni. Mbendera yotsala chikhato chimodzi kuti ifike pamwamba imaoneka ngati yatopa, ndipo wodutsa akhoza kuyesa kuti kwagwa zovuta. Ngati nyimbo ya fuko ikuimbidwa, yesetsani kuti mbendera ifike pamwamba nyimbo isanathe, osati ana atseka kale pakamwa inu mukulimbanabe ndi chingwe. Mukatero kungani chingwecho, muchimangirire pakachitsulo kaja kuti chisamamenye mlongoti tsiku lonse.

Opezekapo onse aime chilili, ayang'ane kumbendera, manja m'mbali. Abambo avule zipewa. Amayi ovala duku savula. Sawatcha ndi ya ovala yunifolomu, monga asilikali ndi apolisi, ife anthu wamba kuima mwaulemu n'kokwanira. Foni ikhale m'thumba. Amene tinakula zaka za m'mbuyomo tikukumbuka kuti wenzulo ikalira papolisi madzulo, aliyense wodutsa pafupi ankaima pomwe ali, wapanjinga n'kutsika, mayi wosenza mtolo wa nkhuni n'kuima nawo uli pamutu mpaka mbendera itatsika. Kunena zoona, zambiri mwa izo anali mantha, ndipo sindikulakalaka mantha amenewo atabwerera. Koma kuima mphindi imodzi mwa kufuna kwako sikuthyola mwendo.

Chachisanu, kutsitsa ndi kupinda

Pokweza timafulumira, potsitsa timadekha. Tsitsani pang'onopang'ono, mnzanu ali chire kuti ailandire isanafike pansi. Masulani mfundo, ndipo mumangirirenso chingwe kuti chisathawire kumwamba usiku.

Popinda, gwirani awiri, wina uku wina uko. Pindani m'litali kawiri, kenako muzipinda kuchokera mbali yakutali kubwera kumbali ya chingwe, kuti nsalu yolimba ija ndi kachizindikiro kake zitsalire pamwamba. Wokweza mawa sadzavutika. Ikani m'kabati kapena m'bokosi louma lomwe mbewa sizifikako, osati pawindo, osati pamwamba pa matumba a ufa wa phala. Ikatsika yonyowa, iyanikeni kaye m'nyumba pachingwe. Yopindidwa ili yonyowa imachita nkhungu, ndipo kufiira kumalowerera m'zigawo zinazo.

Kuisiya pamlongoti usiku wonse ndiye matenda athu aakulu. Mbendera yogonera panja imatha miyezi yochepa, pomwe yolowa m'nyumba madzulo alionse imakhalitsa. Ngati pali chifukwa choti ikhale usiku, pakhale getsi loiwalitsa. Kukamabwera chimvula champhepo, itsitseni msanga, palibe amene angakuimbeni mlandu.

Dziko likakhala pa chisoni

Kutsitsa mbendera pakati pa mlongoti si chinthu chongoganiza mwini ofesi. Amalengeza ndi boma, ndipo amanena masiku ake. Tinaziona mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atapha anthu ambiri m'chigawo chakummwera, pomwe kunalengezedwa masiku 14 olira. Tinazionanso mu Juni 2024, wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Saulos Chilima ndi anzake atamwalira pangozi ya ndege m'nkhalango ya Chikangawa, pomwe masiku olira anali 21. Mverani bwino chilengezocho pawailesi, chifukwa nthawi zina masiku otsitsa mbendera amakhala ochepa kuposa masiku onse olira.

Kachitidwe kake ambiri amakaphonya. Simukweza n'kuimira panjira ayi. M'mawa kwezani mpaka kunsonga, muime kamphindi, ndiyeno mutsitse pang'onopang'ono kufika chapakati. Mpata wotsala pamwamba ukhale woonekeratu, wosachepera kukula kwa mbenderayo, kuti aliyense adziwe kuti n'zadala. Madzulo muyambe mwaikwezanso kufika pamwamba, kenako muitsitse monga mwa masiku onse. Ngati mlongoti wanu ndi waufupi moti mbendera ikatsika ikhudza maluwa kapena denga, ikwezeni pang'ono. Mbendera zina zonse za pamalopo, ya kampani kapena ya sukulu, zitsike nazo kapena zichotsedwe, isapezeke ina ili pamwamba pa ya dziko.

Kuphimba bokosi la maliro ndi mbendera ndi ulemu umene boma limapereka, monga pa maliro a boma kapena a msilikali. Si za banja kungoganiza lokha chifukwa malemuwo ankakonda dziko lawo. Ndipo ngakhale pamaliro oterowo, mbendera silowa m'manda. Imachotsedwa n'kupindidwa bokosi lisanatsike.

Ikakhala pamodzi ndi zinzake, kapena m'chipinda

Ya dziko ndiyo imayamba kukwera ndipo ndiyo imatsiriza kutsika. Malo ake aulemu ndi kumanzere kwa munthu amene akuyang'ana ali kutsogolo kwa nyumbayo. M'holo ndi chimodzimodzi: ikhale kudzanja lamanja la wolankhula, komwe ndi kumanzere kwa omvera.

Mukalandira alendo ochokera ku Zambia, Mozambique kapena Tanzania, mwina pa mpira wa m'malire kapena pa msonkhano wa mpingo, dziko lililonse likhale ndi mlongoti wake, milongoti yofanana kutalika, mbendera zofanana kukula. Kuika mbendera ya dziko lina pansi pa yanu pamlongoti umodzi ndi chipongwe, ngakhale mutachita mosadziwa. Ndipo funsani alendowo kuti kumwamba kwa mbendera yawo ndi kuti. Safunsa anadya phula. Inu amene muli kunja, zinthu zimatembenuka: eni dziko ndi amene amatenga malo aulemu, yathu imabwera pambuyo.

Mbendera ya chipani, ya timu, ya mpingo kapena ya kampani isakhale pamlongoti umodzi ndi ya dziko, isaitalikire, isaikulire. Za chipanizi ndinenepo pang'ono. Popeza mitundu ya mbendera ya dziko inachokera ku chipani, ena amaiona ngati ya chipanicho, ndipo ena amaikweza pamisonkhano yawo ngati katundu wa amene akulamula nthawi imeneyo. Onsewa akulakwitsa. Maboma asinthana kangapo kuyambira 1994, koma amene anawomberedwa ku Nkhata Bay sanafere boma lililonse mwa amenewa.

Pakhoma ipachikeni chopingasa, chakuda pamwamba, yotambasuka bwino, ndipo ikhale pamwamba pa mitu ya okhala kutsogolo. Kuilendeweretsa choimirira kumagoneka dzuwa cham'mbali, ndiye ngati malo alipo pewani. Musaiyale patebulo ngati nsalu yapatebulo n'kuikapo mabotolo a madzi ndi mbale ya maswiti. Mukafuna kukongoletsa, gulani nsalu wamba zakuda, zofiira ndi zobiriwira, muzikulunge m'mizati momwe mungafunire. Imeneyo si mbendera, ndi mitundu chabe.

Malamulo, malonda ndi mpira

Pali lamulo loteteza mbendera, zizindikiro ndi mayina a dziko, lomwe pa Chingerezi limatchedwa Protected Flag, Emblems and Names Act, la m'chaka cha 1967. Kunyoza mbendera ndi mlandu pansi pa lamuloli, ndipo limaletsanso kugwiritsa ntchito zizindikiro zotetezedwa pa malonda popanda chilolezo cha nduna. Ngati mukufuna kuisindikiza pa paketi ya katundu wanu kapena pa chizindikiro cha bizinesi, yambani mwafunsa ku boma musanalipire osindikiza. Pa mbendera yeniyeniyo musalembepo kanthu, kaya dzina la sukulu, kaya vesi, kaya nambala ya foni.

Nanga ochemerera Flames ndi Queens, amene amaifunda kumsana n'kumathamanga nayo m'bwalo? Ine sindiona vuto. Mbendera yomwe yanyowa ndi thukuta la wochemerera pa Bingu National Stadium yalemekezeka kuposa yong'ambika yomwe yaiwalika pamlongoti wa ofesi. Malire ake ndi awa: musaikhalire, musaikwekwereze pansi, musapukutire nkhope, ndipo timu ikagonja musaitaye m'ngalande potuluka.

Ikada, ikang'ambika, ikakalamba

Ichapeni payokha m'madzi ozizira ndi sopo wochepa, osaikwecha pamwala, osaifinya mopotokola. Yanikani pamthunzi. Posita, simbi ikhale yofunda chabe, ndipo ngati ndi yamakala yalani kansalu kena pamwamba, chifukwa nayiloni imasungunuka ndi kakhala kamodzi. Ikayamba kusosoka kumapeto, pitani nayo kwa telala sabata yomweyo adule pang'ono n'kupindanso. Koma kudula kuli ndi polekezera: dzuwa likayamba kuoneka kuti lasendera mbali imodzi, mbenderayo yafupika kwambiri.

Chakuda chikasanduka chotuwa, chofiira n'kukhala ngati dothi lakatondo, nthawi yake yakwana. Mlongoti wopanda kanthu kwa sabata ziwiri mukudikira yatsopano uli bwino kuposa sanza. M'maofesi a boma ndi m'masukulu, ibwezeni kwa osunga katundu kuti ilembedwe m'buku. Ngati ndi yanu, musaisandutse chokolopera, chotchingira nkhuku kapena chigamba, ndipo musaiponye kudzala. M'mayiko ambiri mwambo ndi kuiwotcha mwaulemu pamalo obisika, osati pagulu pomwe wodutsa angayese kuti mukuchita zionetsero. Yanayiloni utsi wake ndi woipa, choncho ndi bwino kuidula motsata zigawo zake, chakuda pachokha, chofiira pachokha, chobiriwira pachokha, kuti ileke kukhala mbendera, kenako n'kuzikulunga bwino ndi kuzikwirira.

Pasukulu ija, chitachitika chija, tinagwirizana kuti ana awiri a Sitandade 7 azisankhidwa teremu iliyonse kukhala osamala mbendera, ndipo oyamba anaphunzitsidwa ndi agogo olondera aja. Anawapatsa lamulo limodzi lokha loti azinena mokweza asanakoke chingwe, wina afunse, "Dzuwa lili kuti?" mnzake ayankhe, "Lili pamwamba." Ana ena ankaseka masiku oyamba. Pofika teremu yachiwiri, bwalo lonse linkayankhira limodzi.